M'mera Mpoyamba: Mbiri ya Maphunziro a Fomu 1 Kuno ku Phiri la Dedza



Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikangotuluka, m'midzi mwathu mumamveka nthungululu. Mwana wasankhidwa kupita ku Fomu 1. Bambo amayamba kuwerengera matumba a mbatatesi oti agulitse, mayi amafunafuna telala wosoka yunifomu, atsibweni nawo amalonjeza nsapato ndi bulangete. Zonsezi n'zoyenera. Koma pa piringupiringu yenseyo ndi anthu owerengeka okha amene amafunsa kuti: kodi mwanayu akukaphunzira chiyani, ndipo adamukonzera maphunzirowo ndani?

Kumaiko ena, monga ku America, mwana asanayambe sekondale amakhala pansi ndi makolo ake pamodzi ndi mlangizi wa pasukulu n'kusankha maphunziro a chaka choyamba. Kuno kwathu mwana amakapeza ndandanda wa maphunziro atapachika kale pakhoma la kalasi, iye kwake n'kutsata belu. Chifukwa cha ichi makolo ambiri amayesa kuti alibe mawu pankhaniyi. Ine ndikuti mawu ali nawo, ndipo mboni yanga ndi mbiri ya dera lathu lino.

Ndandanda wa pamudzi

Tisanadziwe bolodi ndi choko, makolo athu adali kale ndi dongosolo la zimene mwana ayenera kuphunzira pa msinkhu uliwonse. Wamng'ono ankayamba ndi nthano ndi zilapi madzulo pamoto, ndiponso masanje, kumene ankayeserera kuphika, kumanga nyumba ndi kuweruza milandu. Akasinkhuka ankatuluka m'nyumba ya makolo ake n'kukagona kumphala kapena kugowelo, kumene anzake okulirapo ankamusula. Mnyamata ankaphunzira kusema mpini, kuluka nkhokwe ndi kutcha misampha. Mtsikana ankaphunzira kusinja, kupeta, kuumba mbiya ndi kufutsa ndiwo. Pakati pa Angoni a kwa Kachindamoto ndi kwa Kamenyagwaza, sukulu yaikulu ya mnyamata idali kubusa: kudziwa ng'ombe iliyonse ndi khalidwe lake, kupirira mvula ndi chisanu, ndi kumvera amene ali patsogolo pako. Mayi wina wa ku Britain, Margaret Read, adakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, ndipo zimene adaona za kaleredwe kameneka adazilemba m'buku lake la Children of Their Fathers, lomwe lidatuluka mu 1959.

Khomo lalikulu lolowera kuuchikulire lidali chinamwali. Namwali ankalangizidwa ndi anamkungwi, ndipo ankapatsidwa phungu womuyang'anira kuyambira tsiku lolowa mpaka lotuluka. Za anyamata sindinena zambiri, pakuti za kudambwe saulula. Ofuna umboni akwere ku Chongoni, akaone zojambula za pamiyala ku Chentcherere, ku Namzeze ndi ku Mphunzi. Malo a zojambulazi alipo 127, ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zambiri mwa zojambula zoyera ndi za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Mapanga amenewo ndiwo adali makalasi oyamba a dera lino.

Pa sukulu ya makoloyi tigwirepo mfundo zitatu. Poyamba, okonza maphunziro a mwana adali abale ake, makamaka atsibweni, amene Angoni amati malume, pokambirana ndi anamkungwi ndi mfumu. Kachiwiri, nzeru za m'mutu ndi luso la manja zinkayendera limodzi. Kachitatu, palibe namwali amene ankalowa m'tsimba wopanda phungu. Muzisunge mfundo zimenezi, pakuti tikumana nazonso.

Amishoni ndi mkangano wa mutu ndi manja

Amishoni a Dutch Reformed adafika ku Mvera mu 1889 ndipo adakhazikika ku Nkhoma mu 1896. Ansembe achikatolika a White Fathers adafika ku Mua mu 1902, nakwera phiri kudzatsegula Bembeke mu 1910. Ndandanda wa sukulu zawo za m'midzi udali waufupi: kuwerenga, kulemba, kuwerengera, mawu a Mulungu ndi nyimbo. Mwana ankayambira Sub A, kenaka Sub B, ndipo amene wafika Sitandade 6 n'kukhoza ankatchedwa munthu wophunzira kwambiri. Apa mpamene kwa nthawi yoyamba udindo wokonza maphunziro a mwana udachoka m'manja mwa atsibweni n'kupita kwa alendo. N'chifukwa chake m'midzi yambiri ya Achewa mudali kukokanakokana pakati pa sukulu ndi mzinda wa nyau, uyu akuti mwana ndi wathu, uyo akuti ndi wathu.

Mu 1924 kudafika nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes la ku America, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, ndipo pagululo padali mphunzitsi wotchuka wa ku Gold Coast, James Aggrey. Iwo adalangiza kuti maphunziro a mwana wa mu Africa agwirizane ndi moyo wa kumudzi: ulimi, ukhondo ndi ntchito zamanja. Potsatira ulendowu, boma la atsamunda lidakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo sukulu ya Jeanes ku Domasi idayamba mu 1929 kuphunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi pamodzi ndi akazi awo.

Malangizowo pakamwa adali okoma, koma ophunzira a nthawi imeneyo adawakayikira. Adaona kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati mwana wa Mzungu aphunzira masamu apamwamba ndi Chilatini, pamene mwana wa kuno akupatsidwa khasu ndi nsompho zokha, adzalamulira mnzake ndani? Atsogoleri monga Levi Mumba, amene pambuyo pake adakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, adaumirira kuti boma limange sukulu zapamwamba. Yankho lidachedwa. Sekondale yoyamba m'dziko muno, Blantyre Secondary School, idatsegulidwa mu 1940, ndipo Zomba Catholic Secondary School idatsatira mu 1942. Zonse ziwiri zidali kumwera, ndipo zonse ziwiri zidali m'manja mwa mipingo.

Chaka cha 1951 patsinde pa phiri

Mu 1951 boma la atsamunda lidatsegula sekondale yakeyake yoyamba, ndipo lidasankha malo ozizira a patsinde pa Phiri la Dedza. Imeneyi ndi Dedza Secondary School, imene ambiri timaidziwa ndi dzina la keyala yake, Box 48. Chodziwika pa chiyambi chake n'chakuti idali ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi idali ya mabuku, yokonzekeretsa anyamata kulemba mayeso a Cambridge, amene mafunso ake ankachokera ku England. Mbali ina idali ya ntchito zamanja monga ukalipentala ndi zomangamanga. Mkangano uja wa mutu ndi manja udalowa m'bwalo limodzi la sukulu.

Anyamata ankachokera m'zigawo zonse zitatu, kudzakumana ndi chisanu cha mwezi wa Juni chimene ambiri adali asanachionepo. Mmodzi wa iwo adali Bingu wa Mutharika, amene adakhoza mayeso a Cambridge pasukuluyi mu 1956 ndipo adadzakhala mtsogoleri wa dziko lino mu 2004. Mng'ono wake, Peter Mutharika, adaphunziranso pomwepo. Komabe tisaiwale kuti malo adali ochepa zedi. Pamene mnyamata mmodzi ankalowa, anzake ochuluka ankabwerera kumudzi, ena n'kulowera ku migodi ya ku Joni ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia. Atsikana ndiye adali kutali kwenikweni ndi khomo limeneli.

Kholo la nthawi imeneyo silinkafunsidwa kanthu za maphunziro. Ambiri sankadziwa n'komwe kuti mwana wawo akuloweza mitsinje ya ku Ulaya ndi maina a mafumu a ku England, pamene za Kalonga, Undi ndi Gomani ankangozimva kwa agogo ake patchuthi.

Ufulu, Chichewa ndi khasu

Chisankho cha 1961 chitachitika, Kanyama Chiume adakhala nduna ya maphunziro, ndipo sekondale zidayamba kuchuluka m'maboma. Ufulu udabwera pa 6 Julayi 1964, ndipo yunivesite ya Malawi idalandira ophunzira ake oyamba mu 1965. Chaka chomwecho kudayamba Malawi Correspondence College, yophunzitsa kudzera m'makalata ndi pawailesi ana amene sadapeze malo ku sekondale.

Ndandanda wa Fomu 1 nawonso udayamba kuvala zakwathu. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko. M'makalasi mudamveka mabuku monga Nthondo la Samuel Josia Ntara ndi Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, kotero kuti mwambo umene udatsalira panja pa sukulu ya mishoni udalowa m'kalasi kudzera m'buku. Mu 1972 ophunzira adayamba kulemba mayeso akwathu konkuno m'malo mwa a Cambridge, ndipo bungwe la MANEB, limene limalembetsa mayeso, lidakhazikitsidwa mu 1987. Ulimi udakhala phunziro lolemekezeka, sukulu zidali ndi minda, ndipo alangizi a Malawi Young Pioneers ankaphunzitsa perete ndi masewera olimbitsa thupi. Sukulu zina zidalandira zipangizo zophunzitsira ukalipentala, kusula zitsulo ndi zapakhomo.

Komatu Dr Kamuzu Banda yemweyo, amene ankalalikira khasu pamsonkhano uliwonse, adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, kumene mwana aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Mkangano wa mutu ndi manja udali usanathe, ngakhale mumtima mwa mtsogoleri mmodzi.

Chigumula cha 1994

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidathetsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Akulu adati walira mvula walira matope. Ana onsewo tsiku lina adadzagogoda pakhomo la sekondale. Mu 1998 malo ophunzirira a MCDE, amene adachokera ku sukulu ya makalata ija, adasandutsidwa sekondale zoyendera za m'madera, zimene timati ma CDSS. Khomo lidakula, ndipo mwana wa ku Mayani, ku Lobi kapena ku Golomoti adatha kulowa Fomu 1 akugona kwawo. Vuto lidali lakuti zambiri mwa sukuluzi zidayamba zopanda labotale, zopanda laibulale, ndi aphunzitsi amene adaphunzitsidwa ntchito ya ku pulayimale.

Nthawi nayo idalemba maphunziro ake pandandanda. Ufulu wa zipani zambiri udabweretsa phunziro la chikhalidwe cha anthu ndi chitukuko. Mliri wa Edzi udabweretsa phunziro la maluso a moyo, lophunzitsa zina mwa zimene kale zidali m'manja mwa anamkungwi. Kompyuta idabweretsa phunziro lakelake. Pakati pa 2015 ndi 2017 silabasi yatsopano idagawa phunziro la Physical Science pawiri, kukhala Fizikisi ndi Kemisitiri. Mayeso a JCE, olembedwa potsiriza Fomu 2, adathetsedwa atalembedwa mu 2016, koma adabwereranso mu 2021. Atsikana nawo adatsegulidwa njira: kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu, mu 2017 malamulo aakulu a dziko adaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira, ndipo Inkosi Theresa Kachindamoto ya konkuno ku Dedza idatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera m'kalasi.

Mmene zitseko zimatsekekera mwakachetechete

Tsono tifike pa mtima wa nkhaniyi. Mwana wa Fomu 1 amakumana ndi maphunziro oposa khumi: Chichewa, Chingerezi, Masamu, Ulimi, Bayoloje, Fizikisi, Kemisitiri, Jogalafe, Mbiri, Baibulo, ndi ena malinga ndi aphunzitsi ndi zipangizo zimene sukuluyo ili nazo. Maina ndi chiwerengero zimasintha silabasi ikasintha. Dzulo lomweli adali ndi aphunzitsi owerengeka omudziwa ndi dzina, lero belu lililonse likubweretsa nkhope ina, ndipo pafupifupi onse akuyankhula Chingerezi chokhachokha. Kusankha maphunziro kwenikweni kumachitika polowa Fomu 3, pamene ena amatsata za sayansi, ena za mbiri ndi chikhalidwe cha anthu.

Pa zaka zanga zonse za uphunzitsi ndidaona chinthu chimodzi chikubwerezabwereza: pofika Fomu 3 mwana amakhala atasankha kalekale. Amasankha mu teremu yoyamba ya Fomu 1, tsiku limene walephera masamu n'kunena mumtima kuti, "Izi si zanga." Sauza munthu. Amangosamukira kumbuyo kwa kalasi, kope n'kulisiya kunyumba. Fomu 3 imangoulula chimene chidachitika mumdima zaka ziwiri zapitazo. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi: wotsalira poyamba sawapezanso anzake.

Taonani mmene malamulo a mayeso a MSCE amagwirira ntchito. Magiredi amayambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndiko kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 n'kungodutsa, 9 n'kulephera. Wolephera Chingerezi salandira satifiketi, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Wofuna malo ku yunivesite za boma amafunika makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi. Wofuna udokotala kapena unamwino ku Kamuzu University of Health Sciences, zaulimi ku Bunda, kapena uinjiniya ku MUBAS ndi ku MUST, amafunsidwa masamu ndi sayansi. Mwana amene adataya masamu ali ndi zaka 14 amadzamva kuwawa kwake ali ndi zaka 18, ataimirira pakhomo lotseka.

Gawo la banja

Apa mpamene mfundo zitatu za sukulu ya makolo zikutithandiza.

Yoyamba, banja libwerere pampando wake. Nkhanga zidapangana kusanache. Sukulu isanatsegulidwe, bambo, mayi ndi atsibweni akhale pansi ndi mwana. Sabata yoyamba ikatha, mwana akopere ndandanda wa kusukulu, upachikidwe pakhoma la nyumba. Kholo losadziwa kuwerenga lisachite manyazi, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna: mwana aliwerengere, ndipo lizifunsa kuti, "Lero Lachitatu, mwaphunzira chiyani pa Bayoloje?" Pafupi ndi ndandanda wa kusukuluwo pakhale wachiwiri, wa pakhomo, wosonyeza nthawi yotunga madzi, nthawi ya kudimba ndi nthawi ya buku. Kuno kumapiri ntchito siitha: kupalira chimanga mvula ikagwa, kukumba mbatatesi, kunyamula kabichi ndi tomato kupita kumsika wa pamsewu. Mwana athandize ndithu, koma tsiku la msika lisadye tsiku la sukulu. Wa sukulu yogonera komweko amakhala ndi nthawi yowerenga madzulo yoikika ndi belu. Woyendera belu lake ndi makolo ake, ndipo nyali ya sola ndi mphatso yoposa foni.

Yachiwiri, mutu ndi manja zisalekanitsidwe. Mu Fomu 1 mwana asataye phunziro lililonse, ngakhale mumtima. Chingerezi achipatse nthawi tsiku lililonse, pakuti ndicho chotengera maphunziro ena onse. Masamu akhale a tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono ndi mtolo. Chichewa asachipeputse poti amachiyankhula kale, popeza kuyankhula ndi kulemba n'zosiyana, ndipo ambiri adagwa nacho chifukwa cha matama. Ulimi auphunzire ndi khasu m'manja, ayese m'dimba la kwawo zimene wamva m'kalasi. Ngati sukulu ili ndi phunziro la ntchito zamanja, asalione ngati la ofooka. Akulu adati ukaipa dziwa nyimbo. Makoleji a ntchito zamanja monga a ku Lilongwe, ku Namitete ndi ku Salima, ndiponso koleji ya zankhalango ya konkuno ku Chongoni, adalera anthu ambiri amene lero akudyetsa mabanja awo. Koma pamene pali mwayi wowonjezera maphunziro apadera, asaunjike onse chifukwa chosirira anzake. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Yachitatu, mwana asalowe m'tsimba wopanda phungu. Kholo likaonekere kwa mphunzitsi woyang'anira kalasi ya mwana mu teremu yoyamba, lisadikire kuitanidwa pamlandu. Likafunse kuti sukuluyo ili ndi labotale kapena ayi, mabuku alipo angati, ndi maphunziro ati amene amaphunzitsidwa mpaka Fomu 4. Safunsa adadya phula. Lipoti la teremu yoyamba lisangoyang'anidwa pa nambala imene mwana wakhala m'kalasi. Yang'anani phunziro limene latsika kuposa onse, pakuti pamenepo mpamene chitseko chayamba kutsekeka, ndipo mtengo umawongoleka ukadali waung'ono. Pamudzi pakakhala wina wa Fomu 3 kapena Fomu 4 wa khalidwe labwino, mupempheni akhale phungu wa mwana wanu. Ndipo ngati sukulu ili kutali kotero kuti mwana ayenera kuchita lendi kanyumba pafupi nayo, makamaka mtsikana, pezani mayi wodalirika wa kumeneko woti azimuyang'anira. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Mawu otsiriza

Adzukulu anga, kuchokera ku mapanga a Chongoni, kudzera ku Bembeke ndi ku Box 48, mpaka ku sekondale yoyendera ya kwanuko, m'badwo uliwonse udalemba pandandanda zimene unkaopa ndi zimene unkalakalaka. Amishoni adalembapo Baibulo, atsamunda adalembapo mayeso a Cambridge, boma la ufulu lidalembapo Chichewa ndi Ulimi, nthawi ya Edzi idalembapo maluso a moyo. Mawa adzalembaponso zina. Ndandanda wa kusukulu amakonza ndi akuluakulu a unduna ndi a ku Domasi, koma woti mwana autsate mpaka kumapeto amakonzedwa pakhonde la nyumba, ndi anthu amene amamudziwa kuyambira ali kumsana. Mutu umodzi susenza denga: mphunzitsi agwire uku, kholo ligwire uko.

Inu amene mukulowa Fomu 1 chaka chino, kumbukirani kuti mlimi amadziwa zokolola zake poona mmene mbewu zamerera. M'mera mpoyamba.

Ulendo wamawa tidzakambirana za miyambi yokhudza alendo ndi kuchereza. Mutsale bwino nonse.

Ndatha ine, agogo anu a ku Phiri la Dedza.